Galimoto Yodya Mazira

Pamene bambo a mwana wanga ankapita ku Joni, anasiya galimoto kuseri kwa nyumba yathu ku Golomoti. Inali yaing'ono, yofiira, ija yooneka ngati anaidula kumbuyo, yokhala ndi chitseko chakumbuyo chotsegula chokweza m'mwamba. Ankanyamulira anthu ndi madengu a nsomba mpaka injini inanoka. Anaikhazika pa njerwa, n'kuimangira chisakasa cha udzu, amvekere, "Ndikadzabwera ndidzaidzutsa."

Mvula inabwera n'kupita kangapo. Galasi la mbali imodzi silinkatsekeka, ndiye nkhuku zinayamba kuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Mwana wanga wamkazi anaphunzira kuyenda atagwirira galimoto yomweyo. Atayamba kulankhula ankaimirira pa mpando wa dalaivala, n'kumakuwa ngati anyamata a minibasi pa msewu, "Salima! Salima! Wotsala mmodzi!" Ine ndinkasangalala, poti ndinkadziwa kumene ali ndikamasinja.

Kenako mazira anayamba kusowa. Ndinamenya galu wosalakwa. Tsiku lina m'mawa, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, ndinasuzumira pansi pa mpando ndipo ndinaona chinthu chotuwa chitakola pa waya. Ndinachikoka ndi kamtengo. Chinangotuluka, kutuluka, kutuluka, osatha. Linali khungu limene njoka inafundula.

Achimwene anga atabwera analiyang'ana kamodzi. "Mamba iyi, yolavula m'maso ija. Tiwotche tayala pansipa, utsi uyitulutse."

Ndinakana. Chisakasa chinali cha udzu, nyumba yathunso ya udzu, mphepo ikuwomba tsiku lonse. Ndinathira parafini mozungulira, n'kumanga zitseko ndi waya. Mwana ndinayambanso kumubereka ngati khanda, ngakhale miyendo yake inkandimenya m'ntchafu. Ku mjigo ali kumbuyo, kudimba ali kumbuyo. Tsamba likangoti tswa, ndinkacheuka msanga.

Nditanena zogulitsa galimotoyo, bambo ake pa foni anakaniratu. "Amake mwana, njoka amapha. Galimoto sagulitsira njoka."

Sindinakangane nawo. Ndinayala khungu lija pansi, pambali pake ndinagoneka musi, n'kujambula. Khungu linapitirira musi. Nditawatumizira chithunzicho, madzulo ake anangoti, "Gulitsani."

Wogula anapezeka ku Mtakataka, bambo wachikulire, makaniko amene amagula magalimoto akufa n'kumawakonza pang'onopang'ono pa bwalo lake. Anabwera ndi matayala akale pa ngolo ya achimwene, poti ng'ombe zomwezo ndi zimene zinkayenera kukoka galimotoyo mpaka pa msewu wa tala. Asanaikhudze n'komwe ndinawauza za njoka.

"Mayi, ine m'magalimoto ndapezamo makoswe, njuchi, ina ndinapezamo mbuzi itaswa," anatero akuseka. Komabe ndinaona akuvala magalasi awo owotcherera zitsulo. Anamasula mawaya anga, n'kutsegula zitseko zonse, kuphatikizapo chakumbuyo chija. Anatokosa ndi nsungwi pansi pa mipando, m'injini, paliponse. Zii.

"Yasamuka iyi. Parafini wanu uja anaipweteka mutu." Anasisita denga la galimoto ngati akusisita ng'ombe. "Thupi lake n'labwino, dzimbiri silinadye pansi. Iyi idzayenda, mudzaiona pa msewu."

Anamanga matayala, zitseko zili pululu kuti mudutse mphepo. Koma ng'ombe zinakana kuyandikira. Zinafika poyambira chisakasa, zinaima nji, zikupumira m'mwamba, makutu ali njo. Achimwene anazikwapula, zikubwerera m'mbuyo.

"Chemwali, tatsitsani mwanayo mundigwirire chingwechi!"

Ndinamutsitsa, n'kumukhazika pakhonde ndi mango m'manja. Ndinagwira chingwe, maso ali pa nyanga za ng'ombe. Sipanapite nthawi, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Salima! Salima! Wotsala mmodzi!"

Chingwe chinagwa chokha. Nditacheuka ndinamuona ataimirira pa mpando wake uja, manja ali pa chiwongolero, madzi a mango akuchucha kukamwa. Ndipo mbali inayo, pansi pa kabokosi koika mapepala, chinthu chinkatsika mwakachetechete. Chinafika pansi, chinadzuka, chinatambasula khosi. Mutu wake unali pa msinkhu wa nkhope ya mwana wanga. Iye sanachione, ankayang'ana kutsogolo, akuliza injini ndi milomo.

Achimwene anatola chibonga. Abambo aja anawagwira mkono. "Musaponye, achimwene. Mukaphonya mwapha mwana."

Ndinafuna kukuwa, koma ndinadziletsa. Ndinkamudziwa mwana wanga: ukamukuwira amathamangira komwe kuli mawu, ndipo ine ndinali mbali ya njoka. Ndinayamba kuzungulira chakumbuyo kwa galimoto. Galimoto yaing'ono ngati imeneyo, koma ulendo wake unatalika ngati wopita ku Mua wapansi.

Nditafika pa chitseko cha dalaivala ndinagwada, n'kulankhula motsitsa, ndi mawu amasewera.

"A dalaivala, moni."

"Mukupita kuti, mayi?" anafunsa osacheuka.

"Ndikupita ku Salima. Koma ndakubweretserani switi. Tsinzinani kaye."

"Ali kuti?"

"Tsinzinani kwambiri, mutambasulire manja kuno. Mukangopenya, ndimudya ndekha."

Kuseri kwa phewa lake ndinkaona khosi lija likugwedezeka uku ndi uku. Mwana anatsinzina mpaka nkhope yonse inachita makwinya, n'kundipatsa timanja take tonata. Nanenso ndinatsinzina. Ndinamugwira m'mikono n'kudzigwetsa chagada, iye ali pachifuwa panga. Ndinamva tinthu tozizira tikundiwaza pa mkono ndi pakhosi.

"Musapenye! Musapenye nonse!" Anali abambo aja. Kenako ndowa yonse ya madzi inatikhuthukira. Anathiranso ina. Mwana analira koopsa, ine ndikumupukuta kumaso ndi mbali youma ya chitenje. Pomwe anatsegula maso ndinawayang'anitsitsa. Anali oyera, odzaza misozi basi. Malovu a njoka anatera m'tsitsi lake ndi pa ine.

Njoka inali itabwerera komwe inachokera, kuseri kwa mawaya. Abambo aja anamenyetsa zitseko zonse, pa galasi losatseka paja anatsindirapo masaka, mabowo apansi anatsekamo nsanza ndi nsungwi. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Ndiye simugulanso?" ndinafunsa. Mantha anga anali akuti aisiya pomwepo.

"Ndagula, mayi, pamodzi ndi mlendo wakeyo. Kwathu ndikaphwasula kutsogoloku pa bwalo loyera, tikaonana naye kumeneko."

Analumikiza zingwe kuti ng'ombe zikokere patali, ndipo zinalola. Palibe amene analowa kukawongola. Pokhota ankaima, n'kumakankha matayala akutsogolo ndi mapazi. Ine ndinkatsatira m'mbuyo, mwana ali kumsana, maso ali pansi pa galimoto. Ndinkafuna kuona ndi maso anga kuti palibe chimene chagwa m'njira ya kwathu. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaseka galimoto yokokedwa ndi ng'ombe, ine osaseka.

Pa tala panali lole yoidikira. Ataikweza n'kunyamuka kulowera ku Mtakataka, mwana anandimenya ndi chibakera pa phewa.

"Amama, mwanama. Switi uja ali kuti?"

Ndinalowa mu okala ya pamsewu n'kumugulira. Kapepala kake ndinalephera kumasula, zala zikukana. Anandilanda, n'kumasula yekha ndi mano.