Kaulusi, chitsulo ndi phazi la alamu anga

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, Che Jafali, asodzi a ku Nkhudzi, kuchipatala. Amadwala shuga. Mlongo wanga ndiye anandituma, chifukwa akapita okha amabwerako ndi nkhani imodzi yomweyo: "Adokotala akuti ndili bwinobwino."

Anamwino anawavula nsapato n'kutulutsa kaulusi ka pulasitiki, kolimba ngati chingwe cha mbedza. Wodwala amatsinzina, iwo n'kukakanikiza kuphazi mpaka kapindike, kuti aone ngati mitsempha ikumvabe. Pajatu shuga amapha mitsempha ya m'mapazi mwakachetechete, munthu n'kumaponda minga osadziwa.

"Mwamva, bambo?"

"Ndamva, mayi."

Paliponse pomwe anakhudza, yankho linali lomwelo. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenaka anatenga chitsulo champhanda, chija amachimenya n'kumanjenjemera, n'kuchiika pafupa la chala chachikulu. Alamu anati akumva. Anamwino anachifumbata chitsulocho mpaka chinangoti zii, n'kuchiikanso pomwepo.

"Nanga pano?"

"Chikunjenjemera, mayi, ngati injini ya boti!"

Chinali chitasiya. Ndinaona ndi maso angawa.

Ndiye tinene kuti chitsulo n'cholondola kuposa kaulusi? Ndi mmene ndinaganizira. Koma anamwino anabwerera ku kaulusi kaja, ulendo uno osafunsa kanthu. "Mukamva, munene nokha." Anakanikiza chala, anakanikiza pakati pa phazi. Alamu ali phee, kudikira kuti mayeso ayambe. Apo ndinachita mantha.

Chida chilichonse chili ndi polephera pake, anamwinowo anandiuza. Kaulusi kakagwera pakhungu lokhuthala la msodzi wokulira pamchenga, kamatha kunamizira phazi labwino. Chitsulo chimasokoneza okalamba ena omwe alibe vuto lalikulu. N'chifukwa chake amayesa ndi zonse ziwiri. Koma zonsezo zimangofunsa funso, woyankha ndi mwini phazi.

Apa ndiye pali nthenda yathu ina, yoposa shuga. Tinaleredwa kuti munthu wovala zoyera sakanidwa. Akafunsa, timavomera. Mwamva? Ndamva. Mukumwa mankhwala? Ndikumwa. Mwasiya tiyi wa shuga? Kalekale! Timayesa ulemu. Ine ndikuti si ulemu ayi, n'kudzipha.

Timakondanso kudandaula kuti zipatala zathu zilibe makina amakono. N'zoona, ndipo tidandaulebe. Koma atatibweretsera makina amagetsi oyezera mapazi, nawonso n'kufunsa kuti "Mwamva?", tidzawayankha chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga amene sakumva kuphazi, amutsekulire ndani?

Ndipo kugombe timaombera m'manja nthenda ya mapazi osamva imeneyi. Chaka chatha alamu ankayenda opanda nsapato pamchenga wa mu Okutobala dzuwa lili paliwombo, anyamata akuthamangira mumthunzi. Tonse tinkawatama kuti awa ndiwo amuna.

Anamwino atatuluka kukatenga mankhwala, ndinawafunsa alamu chifukwa chimene ananamira. Anayankha motsitsa mawu.

"Alamu, mukanena kuti simukumva, amadula. Mnzanga wa ku Malindi anapita ndi miyendo iwiri, anabwerako ndi umodzi. Ine ndingakoke ukonde wa chilimira ndikuyendera ndodo?"

Sindinawaseke. Koma ndikudziwa kuti phazi salidula chifukwa mwini wake wanena zoona. Amalidula chifukwa bala laola munthu asakudziwa, iye akuyankhabe kuti ali bwino.

Anamwino atabwera anatembenuza phazi lamanzere n'kutsuka chidendene. Panali kabala kakuda, kotupa m'mbali. Anatenga kopanira n'kusolola kansonga ka mbedza, kadzimbiri. Anati tafika nthawi yabwino, phazi lipulumuka ngati azibwera kudzatsukitsa ndi kusiya kuyenda opanda nsapato.

Alamu anakayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali, kali m'mbale.

"Kamenekaka katuluka mwa ine?"

"Mwa inu, bambo. Pochotsa paja munamva?"

Anayang'ana ine, anayang'ana anamwino.

"Ayi, mayi. Sindinamve."

Inu amene mukupita kuchipatala sabata ino, mukayankha chiyani?