Tsitsi Langa Lili ku Chanyanya

Chaka chimene ananditcha mfiti ndinkaphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Kafue, ndipo Lamlungu lililonse ndinkaimba m'kwaya ya amayi ku mpingo wathu wa ku Nangongwe. Ndatchula ziwirizi pamodzi chifukwa panali anthu amene ankafuna kuti ndisiye chimodzi. Sindinasiye.

Ana a kalasi lomaliza ankaodzera ndikamaphunzitsa za chibadwa chimene mwana amatengera kwa makolo ake. Ndiye ndinawakonzera mlandu wabodza. Ndinawauza kuti munthu wina walowa m'labu n'kudya nsomba yowamba ya ahedi. Pa tebulo panali minga yokhayokha, kapu yomwera madzi, tsitsi, ndi kadontho ka magazi, amene kwenikweni anali mkaka wothira utoto. Kunja kwa zenera, pa mchenga wonyowa, panali phazi la nsapato. Aphunzitsi anzanga angapo anavomera kukhala oganiziridwa, ndipo wa masamu ankadzilumbirira m'khonde mpaka ana kugwa nako kuseka.

"Ine nsomba ya Kafue sinidya, ba officer! Funsani ba teacher ba history, onani mimba yawo!"

Ana anasanduka apolisi. Anapera makala n'kuwaza pa kapu kuti zidindo za zala zioneke. Anathira pulasitala m'phazi lija, itauma n'kulinyamula lathunthu. Aliyense anazula tsitsi lake limodzi kuti aliyerekeze ndi la wakuba pa makina okuzira zinthu. Kenako anachukucha m'kamwa ndi madzi amchere, kulavulira m'timakapu, kuthiramo sopo wotsukira mbale ndi sipiriti wozizira. Timaulusi toyera titayamba kuyandama, ana onse anaweramira pa timakapu tawo. Ndinati, "Imeneyo ndi DNA yanu. Munalukidwa ndi timeneto muli m'mimba mwa amayi anu." Mumtima ndinalemekeza Woluka.

Panali mtsikana wina wa ku Chanyanya, bambo ake msodzi, mayi ake wogulitsa nsomba ndiponso mnzanga wa m'kwaya. Mwanayu ndiye anakonda ntchitoyi kuposa onse. Anapita kwawo ali wokondwa n'kufotokoza zonse: amadamu atitenga tsitsi, atitenga malovu, ndipo tatapa phazi.

Kwathu kuno mawu amenewo sanenedwa mwamasewera. Wotapa phazi la mnzake amatenga dothi limene waponda kuti akamulodze miyendo. Tsitsi ukameta umalikwirira kapena kulitaya m'chimbudzi, kuopa kuti wina angalitole. Ine zimenezi ndinakulira momwemo, koma ndili m'labu sindinaziganizireko n'komwe. M'masiku ochepa nkhani inakwera minibasi, inafika ku dera la Estates itanenepa. Ankati ndikusonkhetsa magazi a ana kuti ndikapereke kwa satana.

Mkulu wa mpingo anandiitana tikuweruka kumapemphero. Mayi wa mtsikana uja anali atakhala kale pa benchi, atamanga chitenje mwamphamvu ngati wopita kumaliro.

"Ba madamu," anatero mkuluyo, "si kuti tikuzengani mlandu. Koma nkhosa zabalalika. Lekani maphunziro aya, mutenthe zonse zimene munatenga, muimirire pamaso pa mpingo mupepese. Mukakana, mgonero wa Ambuye muyambe mwauleka."

Mgonero sindinauphonyepo chibatizidwire. Mwamuna wanga atamwalira, ndi pa gome limenelo pamene ndinapezanso mphamvu yoimirira. Ndinamuyang'ana mkuluyo n'kumuyankha.

"Abambo, ndipepese chiyani? Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti ndinachita zimene akunenazo. Kumeneko n'kuchitira umboni wonama, ndipo wonamiziridwayo ndi ine ndemwe."

Mayi uja analumpha. "Manje tsitsi ya mwana wanga muifunira chani? Ngati ni sukulu, si mabuku alipo? Ise tinaphunzira bwanji?"

"Amake mwana, mukukumbuka kholo lija limene ana ake analibweretsera malaya oviikidwa m'magazi? Linalira zaka zambiri mwana ali moyo, chifukwa panalibe womuuza kuti magaziwo ndi a mbuzi. Ine ndikuphunzitsa mwana wanu kusiyanitsa magazi a mbuzi ndi a munthu. Ndikumuphunzitsa kuti asaweruze ndi mphekesera, afufuze kaye. Mwaona anthu angati akumenyedwa pa msika chifukwa wina wangokuwa kuti kawalala?"

"Ulaliki muudziwa," anayankha, "koma na mdyerekezi audziwa."

Apo ndinapsa mtima, kupsa kozizira. Ndinavula duku pamaso pa mkulu wa mpingo, chimene mkazi wamasiye wa msinkhu wanga sachita. Ndinazula tsitsi langa, la imvi, n'kuliika m'dzanja la mayi uja, ndi kupinda zala zake pamwamba pake.

"Tengani. Ngati tsitsi lili ndi mphamvu yopha mwini wake, langa muli nalo. Mwana wanu akadwala ngakhale chimfine, mukapite nalo kulikonse kumene mufuna." Ndinatuluka panja, ndinavula nsapato, ndinaponda m'matope a pa mpope mpaka phazi linaoneka ndi zala zonse. "Nalo phazi. Tapani. Amene anawerenga tsitsi la m'mutu mwanga sanapatse munthu aliyense kiyi wa moyo wanga."

Palibe anatapa. Mkuluyo anangoti, "Valani duku, mayi." Koma chigamulo sanasinthe.

Lolemba ndinalowa m'kalasi n'kupitiriza mlandu wa nsomba. Ahedi anandifunsa ngati sikukanakhala bwino kudikira kuti mphepo idutse. Ndinati mayeso sadikira mphepo. Makolo ena analetsa ana awo, mipando ina inakhala yopanda anthu. Mtsikana wa ku Chanyanya anabwera, maso ali ofiira, nakhala kutsogolo.

Lamlungu la mgonero ndinakhala pa benchi yakumbuyo. Mbale inadutsa, chikho chinadutsa, osaima pa ine. Ndinaimba nyimbo yonse mokweza kuposa masiku onse, misozi ikutsika, chifukwa kuimba sanandiletse.

Tsiku loweruza mlandu wa nsomba uja, ndikutsegula labu, ndinapeza mayi uja ataima pakhomo, beseni la nsomba lili pamutu.

"Nabwela kutenga tsitsi ya mwana wanga," anatero osandiyang'ana.

"Lowani, akupatsani yekha."

Mwanayo anamukoka dzanja mpaka pa makina aja. Mayiyo anasuzumira nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina.

"Iyi chingwe ndiye tsitsi? Ya ndani?"

"Yanga, amama. Iyi ina ni ya kawalala. Onani, yopaka dayi."

Mwa oganiziridwa onse, wopaka tsitsi mankhwala akuda anali wa masamu yekha, ndipo nsapato yake inafanana ndendende ndi phazi la pulasitala lija. Mtsikanayo anauza kalasi kuti tsitsi palokha silikwanira kumanga munthu, pafunike umboni wina wogwirizana nalo, ndipo anaonetsa chidindo cha chala pa kapu. Wa masamu anagwada n'kukweza manja. Mayi uja anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anakumbuka kuti ndi wokwiya, anatenga tsitsi la mwana wake n'kumapita.

Mgonero wotsatira sindinadikire kuitanidwa. Ndinakakhala pamalo panga pakale, pakati pa amayi a kwaya. Mkulu uja atafika ndi mbale anaima, akuyang'ana uku ndi uku. Mayi wa ku Chanyanya, amene anali pambali panga, anatenga mkate wake, nagwira m'mphepete mwa mbaleyo n'kuikankhira kwa ine. Ndinatenga. Sindinapepese, ndipo palibe anandipepesa.

Tsitsi langa mayi uja sanandibwezere. Ndinamufunsapo tikuchokera ku kwaya, iye anati analimanga pa nsonga ya chitenje chakale, lili m'sutikesi.

"Likhale kweneko," anatero. "Mukayambanso vinthu vanu, niziba kwamene nizayambira."

Chaka chotsatira mlandu unali wa nkhuku ya ahedi, ndipo tinatapanso phazi.