Chimanga cha Pamwala

Ndikamva fungo la penti yaiwisi, ngakhale ndili mu ofesi, ndimangopezeka ndaima m'munda mwa agogo anga aamuna, a Nampinga, m'tsinde mwa phiri la Zomba kumtunda kwa Mtiya, chifunga chikutsika m'mapaini, njinga za ogulitsa nkhuni zikutsetsereka mabuleki akulira, agogo ali jidijidi kukumba dzenje la chikwangwani chatsopano. M'munda umenewo zikwangwani zinkamera kuposa maungu.

Agogo sankadziwa kukhala pansi. Tiyi ankamwa choimirira, ndipo kutchalitchi mwendo unkayamba kugwedera ulaliki usanafike pakati. Munda wawo unali ndi tsoka limodzi: unali m'mbali mwa msewu wa phula wokwera kuphiri. Mabungwe achitukuko amaukonda munda wotere, poti alendo ochokera kunja amatsika m'galimoto, kujambula, nsapato osada, kenako n'kukwera kukadya nkhomaliro kumwamba kozizira. Ndiye bungwe lililonse lofika ku Zomba linkatulukira kuti mlimi wachitsanzo ndi agogo.

Loyamba linati tidzale chimanga cha haibulidi, njere imodzi paphando, osasakaniza ndi mbewu ina. Lachiwiri linati khasu ndi mdani wa nthaka, tiphwanye mizere, tiphimbire ndi mapesi. Lachitatu linabwera ndi mbande za mitengo yoti idzalidwe pakati pa chimanga, pamalo pomwe loyamba lija linatidulitsa mitengo. Lililonse linkadula ndime yake, kukhomapo chikwangwani, pakapita zaka zingapo n'kusowa. Agogo ankangovomera. "Mlendo ndi mame," ankatero. "Umuvomere, dzuwa likatuluka upitirize zako." Komanso tisabise, kuomberedwa m'manja ankakukonda.

Zawozawo zinali kumtunda kwa munda, pafupi ndi mwala waukulu: kandime ka chimanga chamakolo chimene mayi awo anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki atachimanga pansalu. Chinali cha njere zolimba, zina zoyera zina zofiirira, anankafumbwe ankachilephera, ndipo mumtondo sichinkanyenyeka. Ankachidzala pamodzi ndi nandolo, maungu ndi kalongonda, moti woona ali kumsewu ankangoti ndi tchire. Chambewu ankachipachika kudenga la khitchini kuti chidetsedwe ndi utsi.

Chaka chimene ndinali Sitandade 6 mvula inatinamiza. Inagwa sabata imodzi, tinadzala, kenako dzuwa linaswa mtengo mpaka zonse zinapserera. Itabweranso, agogo anandituma kukatsitsa chotsala kudenga, ndipo ndinatonola ndekha mpaka njere yomaliza. Chinamera bwino. Pofika kumapeto kwa Januwale chinali chikundifika m'chiuno.

Ndi pamene anabwera a Chikopa, mlangizi wa bungwe limene linali ndi ndime yaikulu chaka chimenecho, munthu waulemu, wa mpingo wathu. Anakhala pakhonde akupindapinda chipewa.

"Agogo, sabata yamawa kukubwera eni ake a thandizoli, ochokera kunja. Mabwana akuti munda wonse uoneke chimodzimodzi. Kathengo ka pamwala paja kakuononga chithunzi."

"Kathengo?"

"Pepani, ndi mawu awo amenewo. Alendowa akakhumudwa, pulojekiti ipita boma lina. Kalabu yonse ya alimi iluza feteleza."

Masiku atatu agogo anangokhalira kukwera ndi kutsika m'munda, manja kumbuyo, khasu osaligwira. Amayi a m'kalabu ankabwera awiriawiri, kugwada, kulonjera, kenako kunena zomwezo mokuluwika. Mmodzi yekha sanakuluwike. "A Nampinga, ana athu agone ndi njala chifukwa cha chimanga cha malemu?"

Tsiku lachinayi m'mawa analunjika kumwala, ine ndili pambuyo.

"Agogo, kudenga kulibe china. Ndinatonola chonse ine."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Ndiye musazule."

"Ukufuna anthu azindiloza chala moyo wanga wonse?"

Anazula ndi manja, phesi limodzilimodzi, akung'ung'udza m'Chilomwe mawu amene sindinawamve. Ine ndinakwiya. Ndinatola mapesi odzaza manja, kukawaokera kuseri kwa chimbudzi, n'kumawathirira m'mawa ndi madzulo. Chimanga chachikulu choncho sichiokeredwa, ndipo ine ndemwe ndinkadziwa. Pofika Lamlungu chinali chitagona.

Alendo anafika mochedwa, amayi ataimba mpaka mawu kusasa. Sanakhalitse. Anazungulira ndime yaikulu ija, anajambula agogo ataima pafupi ndi chikwangwani, ndipo atatsala pang'ono kukwera galimoto, mayi wina wachizungu wa imvi, wooneka wokoma mtima ndithu, anafunsa funso. A Chikopa anamasulira maso ali pansi.

"Akuti kodi kuno alipo amene akusungabe mbewu zamakolo? Akuti aona kuti mbewu zimenezi zikutha, ndiye chaka chamawa thandizo lipita kwa alimi amene akuzisunga."

Agogo anayang'ana kumwala, kumene kunali kosalala ngati pabwalo posesa.

"Auzeni kuti inalipo."

Mayi uja analemba m'kabuku kake, anawagwira chanza agogo, magalimoto n'kukwera phiri. Sindikhulupirira kuti anadziwa chimene analemba.

Chaka chotsatira a Chikopa anabweradi atanyamula chikwangwani cha mbewu zamakolo, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione agogo akukana mlendo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mukhoma pati?" A Chikopa anachimangiriranso panjinga yamoto n'kubwerera nacho.

Kuyambira pamenepo kusakhazikika kwa agogo kunapeza ntchito. Akangomva kuti ku Jali, ku Mayaka kapena ku Phalombe kuli munthu wa chimanga chamakolo, ankapalasa njinga osadya kanthu, kukabwera fumbi lokhalokha, njere zili m'thumba la jekete. Ankakhala pakhonde, kuziyala pachikhatho, kuluma imodzi, kuitafuna maso ali kuphiri, kenako n'kulavula. "Sichimenechi." Amayi anga ankawaletsa kuti maondo atha, koma zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Anamwalira akufunafunabe.

Lero ndine amene ndimaperekeza alendo otere kuminda. Ndikudziwa kuti ambiri amabwera ndi mtima wabwino, ndiponso kuti malamulo amene amanyamula amasinthidwira kutali, m'maofesi mwa anthu amene sanapondepo m'mizere yathu. A Chikopa ndinawakhululukira kalekale, poti nanenso ndalembapo malipoti osalala kuposa munda umene ndikuunena. Agogo ndiwo sindinawakhululukire kwenikweni, ndipo ndimawasowa koopsa.

Anzanga akuntchito amadandaula kuti sindikhala pampando umene andiikira. Amanena zoona. Amayi a m'mudzi akangoyamba kuimba nyimbo yolandira alendo, ndimazemba n'kuzungulira kumapeto kwa munda, kufunafuna pamene dothi lili laliwisi. Ndikapapeza ndimaitanira mwini munda pambali, n'kumufunsa motsitsa mawu: "Tandiuzani zoona, bambo. Dzulo munazula chiyani apa?"