Mbewa za bambo anga ometa

Bambo anga ndi ometa, koma ntchitoyi saigwira okha. Ali ndi mnzawo amene sanamuonepo: munthu amene anajambula zithunzi za m'buku lina lakale la nthano za ana. Bukulo linatha kalekale, ndipo pamene panali dzina la wojambulayo panadyedwa ndi mphemvu. Latsala tsamba limodzi, lomata pa katoni.

Pa tsambalo pali njovu yovala chipewa ikukwera basi, nyani kondakitala akuikankha kumbuyo. Koma luso lenileni lili pa mbewa. Wojambulayo anazibisa paliponse: ina m'thumba la nyani, ina pansi pa tayala, ina yangotulutsa mchira m'chipewa.

Mwana akayamba kulira pampando, bambo sanyengerera. "Tandipezera mbewa," amatero. Pometa kutsogolo amakoleka chithunzicho pa msomali wam'mwamba, mwana n'kudzutsa mutu. Akafika kunkhongo amachitsitsira pa msomali wam'munsi, mwana n'kuwerama yekha.

Chaka chatha alamu anga, amene amadziwa zonse kupatula kufunsa, anapenta shopu ya bambo n'kuikamo TV. Chithunzi chinasowa. Manja a bambo anali atayamba kale kunjenjemera, ndiye mwana wina atatembenukira TV mwadzidzidzi, lezala linamucheka khutu. Bala linali laling'ono, koma bambo anapukuta makina awo n'kuwatsekera m'kabati.

"Kumeta ana ndasiya," anatero. "Ndingadzapweteke mwana wa eni."

Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ana ndiwo ankawadzutsa m'mawa. Kwa alamu ndinalowa osaodira.

"Alamu, chithunzi cha bambo chili kuti?"

"Chikatoni chakuda chija? Ndinavundikira chitini cha penti."

Ndinachipezadi pachitini. Penti yoyera inali itadinda mkombero, n'kukwirira mbewa ya pansi pa tayala. Bambo anachilandira ndi manja awiri ngati akulonjera mlendo.

Mawa lake kunabwera dalaivala wina ndi mwana wake wamkazi, mwanayo akulira kale.

"Madala, inetu munkandimeta pampando womwewu," anatero dalaivalayo. "Mbewa zija zilipo?"

Bambo anayang'ana manja awo kwa kanthawi. Kenako anazimitsa TV, natsegula kabati, nakoleka chithunzi. Mwanayo anapeza ya m'thumba, anapeza ya m'chipewa, misozi n'kuuma.

"Yatsala imodzi, mayi," anatero bambo.

Sananame, ilipodi kunsi kwa penti. Mwanayo anaifunafuna ali duu, maso ali tong'o, mpaka bambo anam'sasa tsitsi pakhosi. Anatsika akulonjeza kuti adzaipeza ulendo wina.

Ine ndimam'thokoza wojambulayo ndi mtima wonse, chifukwa anandibwezera bambo anga. Iwo anam'thokoza mwa njira yawo. Akusesa, anaima patsogolo pa chithunzicho n'kuvula kapu.

"Kaya muli moyo, kaya munapita, anzanga," anatero, "lero mwandigwiriranso mutu wa mwana."