Chitseko chimene ndinagulira bambo

Ndinaganiza zopita ku Ireland tsiku limene akuba anatilowera ku Chirimba. Ananyamula makina osokera a malemu mayi osathyola kanthu, chifukwa bambo anga sankatseka chitseko. Ngakhale kuchipinda kwawo kunali kansalu chabe. Ndinalumbira kuti ndikakapeza ntchito, choyamba kugula chidzakhala chitseko chachitsulo.

Ku Dublin ndinapeza ntchito yosamalira okalamba, ndikukhala m'kachipinda ku Ongar. Zaka zoyamba ndinalibe mapepala oti n'kupita kwathu n'kubwerako. Kusungulumwa kunandidya, sindinama. Lamlungu ndinkakwera basi mpaka kumathero n'kubwerera, kuti ndingomva anthu akulankhula. Ndalama zitakwana ndinatumizira mlongo wanga Yohane, chitseko chinawotcheredwa, cha maloko awiri. Sabata isanathe uthenga unafika: “Achemwali, mdala wachizula.” Ndinawaimbira bambo n'kuwalalatira ngati mwana. Iwo anangoti, “Wamaliza, mwanangu?” Tinatha miyezi isanu ndi itatu osalankhulana.

Amene anandikokera kuchilumba china ndi Amake Taonga, mnzanga wa ku Zambia wogwira naye ntchito. “Iwe uzafa na stress,” anatero. “Tiye ku Cork pa Saturday, kuli ndende yakale pa island. Ticket nagula kale.”

Tinawoloka pa boti. Udzu unali wometedwa bwino, ana akunyambita ayisikirimu. Wotiperekeza anafotokoza kuti muno munkasungidwanso anthu omenyera ufulu wa dziko lawo. Anationetsa kachipinda ka chilango, nati wofuna alowe amutsekere mphindi imodzi. Ndinalowa ndikuseka.

Mdima sunandiopse. Chinandilasa ndi kulira kwa loko, munthu akulitembenuza ali kunja. Pomwepo ndinakumbukira zimene ndinkadziwa kuyambira ubwana koma osaziganizirapo. Bambo anali mphunzitsi, ndipo nthawi ya chipani chimodzi anakhala m'ndende zaka zinayi osazengedwa mlandu, ine ndisanabadwe. Kwathu tinkangoti “pamene bambo anali ku ulendo.” Munthu ameneyo ndi amene ndinamutumizira chitsulo cha maloko awiri, n'kumukalipira pamwamba. Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira ulendo wonse wa pa boti, Amake Taonga akuyesa kuti ndi chizungulire.

Mapepala atatuluka ndinapita kwathu. Chitseko changa ndinachipeza kuseri kwa nyumba, chitagonekedwa pa mitengo inayi, chili thandala la mbale. Mayi woyandikana nafe anandiona ndikuchiyang'ana. “Ife tonse timadziwa chifukwa chimene bambo ako satsekera chitseko, mwanawe,” anatero. “Chibereni makina aja, akachokapo pakhomo pano timayang'anira ndife.” Mzere wonse wa nyumba unkadziwa, kupatula ine mwana wawo.

Bambo anali pakhonde, imvi zitatheratu mutu wonse. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

“Bambo, kuja ndinapita kukaona ndende yakale.”

“Anakutsekera?”

“Mphindi imodzi.”

“Unkawerenga?”

“Eya. Ndinafika fote.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ine ndinasiya kuwerenga chaka chachiwiri.” Ndinayamba kupepesa, koma anandidula poloza kuseri kwa nyumba. “Chitsulo chako n'chabwino. Mbale zimauma msanga.”

Ndinakhala nawo masabata atatu. Tsiku lobwerera ndinatuluka ndi chikwama, dzanja n'kupita lokha kukakoka chitseko chakale chamatabwa, monga ndinazolowera ku Ongar. Ndinalibweza, n'kukankhira pamalo pake mwala umene bambo ankachitchingira kuti mphepo isachitseke.