Sabata Imene Jekete ya Agogo Sinanunkhire Khofi

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinali ndi chizolowezi chimene palibe ankachidziwa. Agogo akabwera kuntchito madzulo, ankakoleka jekete yawo kuseri kwa chitseko n'kulowa kubafa. Ine ndinkanyang'ama n'kukaika mphuno pakolala ya jeketeyo. Ikanunkhira khofi, mtima unkakhala pansi.

Tinkakhala awiriwiri ku Sheffield, m'kanyumba ka pachitunda. Agogo ankagwira ntchito pafakitale yaikulu ya khofi wa ufa kunja kwa mzinda, ulendo wa mabasi awiri. Ankaima pambali pa lamba woyenda, kuyang'ana ngati mabotolo atsekedwa bwino. Fungolo linkalowa paliponse, m'duku, m'tsitsi, ngakhale m'Baibulo lawo. Eni akewo khofi sankamwa. Ankati ngowawa, bola tiyi.

Chizolowezicho ndinabwera nacho kuchokera ku Blantyre. Bambo anali atamwalira kale. Chaka chimene mayi anamwalira, ankatuluka m'mawa atatchena, n'kunena kuti akupita kuntchito, koma pobwera ankanunkha mankhwala aja amakolopera m'chipatala. Palibe anandiuza kanthu. Kwathu mwana sauzidwa za matenda, amangoona anthu akutulutsa mipando panja. Ndiye ndinaphunzira kukhulupirira mphuno yanga kuposa mawu a akuluakulu.

Lolemba lina jekete ija sinanunkhire khofi. Inanunkha mankhwala omwe aja. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa agogo: ankakwera masitepe atagwira bondo, ankasinza pampando, khungu la m'manja linali litasuwa. Sindinafunse. M'kalasi ndinkangolingalira chinthu chimodzi, kuti akapita iwowa, m'dziko lozizira lino nditsala ndi ndani?

Lachinayi chakudya chinandikanika.

"Iwe Tamanda, mpungawu wakulakwira chiyani?" anafunsa agogo.

"Agogo, mukudwala chiyani?"

"Ine? Wakuuza ndani zimenezo?"

"Jekete yanu ikununkha ngati mmene ankanunkhira amayi."

Anaika supuni pansi. Sanaseke, sanakalipe. Kenako anati, "Loweruka udzandiperekeze."

Tinakwera mabasi awiri aja mpaka tinakaima pampanda wa waya. Fakitaleyo inali zii. Pabwalo panali azibambo ovala majombo akukoka mapaipi a madzi, thovu likuyenderera m'ngalande. Mlonda wapageti, mzungu wa imvi, anawakwezera dzanja agogo. Iwo anandinong'oneza kuti bambo ake a mkuluyo anakalambiranso pomwepo, kale mabotolo akadatsekedwa ndi manja.

"Ukuiona nsanja yaitaliyo?" anatero agogo akuloza. "Khofi amamukazinga uko, n'kumupera, n'kumuphika m'mathanki aakulu kuposa nyumba yathu. Madzi akudawo amawapopera kuchokera pamwamba penipeni. M'katimo muli mphepo yotentha, ndiye pofika pansi asanduka ufa. Kamodzi pachaka amazimitsa zonse kuti titsuke. Sabata yonseyi ndakhala ndikukwecha lamba wanga chogwada. Matenda anga ndi amenewo, mayi."

Ndinanunkhiza mphepo. Linali fungo lomwe lija la pajekete, likuchokera m'ngalande. Mwadzidzidzi ndinamva njala yoopsa.

"Agogo, ndili ndi njala."

"Usakhale nayo bwanji? Wasala kudya ngati uli kuphiri kumapemphero, pamene wodwalayo akumaliza poto."

Anandigulira tchipisi pakashopu ka pasiteji. Ndinadya zonse, n'kunyambita mchere wa papepala. M'basi, akuyang'ana pawindo, analankhula motsitsa mawu.

"Za mayi ako tinakubisira. Tinkayesa tikukuteteza. Ine ndikadzadwala, udzamva kwa ine, osati kwa jekete."

Lolemba fungo la khofi linabwerera. Ndinanunkhizabe kolala ija kwa miyezi ingapo, kenako ndinangoona kuti ndasiya.

Patapita zaka, ndili kukoleji, agogo anandikhazika pansi kukhitchini n'kundiuza zimene adokotala anapeza mu mtima mwawo. Sanazungulire. Ndinachita mantha, inde, koma sanali mantha aja a mwana woima yekha kuseri kwa chitseko. Tinali awiri, ndipo kuchipatala tinkapita limodzi.

Lero ndikudziwa kuti mwana wachete amakhala ataona kale, chimene amasowa ndi womuuza tanthauzo la zimene waonazo. Mwana wanga wamkazi ndi wachete ngati ine. Ndikabwera kunyumba fungo langa litasintha, sindidikira kuti afunse. Ndimayamba ndine kumuuza kumene ndinali.