Amayi Anga Atavekedwa Nsapato M'dambo

Chaka chomaliza kukoleji, aliyense wa ife ophunzira zojambula ankayenera kupachika chithunzi chake muholo kuti akuluakulu adzaone. Chithunzi chikakanidwa, satifiketi kulibe. Ine ndinasankha kujambula amayi anga.

Patchuthi ndinatsikira kwathu ku Chikwawa. Kunja kukutentha ngati m'ng'anjo, ndinawaimika amayi m'madzi a m'dambo, dengu lophera nsomba lili m'manja, chitenje atakwinyira m'ntchafu monga achitira akazi onse kwathu. Anzawo akupita ndi nsomba za makakana kumsika, iwo ali chilili, kudikira ine ndi pensulo yanga.

"Fulumira, iwe, misundu yandimaliza," ankatero, uku akuseka.

Nditabwerera kukoleji ndinapaka utoto. Chinatuluka bwino, sindinama ayi. Mphini za m'masaya mwawo, thukuta, matope, zonse zinalimo.

Aphunzitsi athu atachiona anayang'ana kukhomo kaye, kenako ananong'ona. "Mawondo awa. Lamulo la kavalidwe sulidziwa? Ufuna tonse tikagone kundende?"

Ndinati mawondowo ali kuntchito, m'madzi. Iwo anati lamulo silidziwa madzi. Ndinatsitsa chitenje mpaka m'akakolo.

Sabata inayo anabwera ndi akulu a koleji. Awa ndiye anakwiya ndi mapazi. Eti dziko lotukuka ngati lino, mayi n'kumayenda wopanda nsapato? Alendo akati chiyani? Ndinawakweza amayi pamtunda, n'kuwaveka nsapato. Nsapato, m'dambo! Kenako mphini akuti n'zachikale, ndinazifafaniza. Dengu akuti likusonyeza njala, pamene m'dziko muno njala inatha. Pomaliza wachipani wina wamimba, woti burashi sanaigwirepo chibadwire, analamula kuti chitenjecho chikhale chachipani, nkhope ya mtsogoleri ionekere bwino.

Ndinkapaka utotowo misozi ili m'maso, mtima ukuwawa. Koma kwathu kunali azing'ono anga odikira kuti ndiyambe ntchito. Ndikanatani?

Tsiku lachionetsero anthu anaomba m'manja. Wachipani uja anandigwira dzanja, akuti ndine mwana womvera. Ndinakhoza.

Amayi anabwera pa lole ya thonje, kukwera zitunda zonse za mumsewu wa ku Chikwawa koyamba m'moyo wawo. Analowa muholo mwamantha, nazungulira khoma lonse pang'onopang'ono. Pa chithunzi changa anadutsa osaima. Atafika kumapeto anabwerera kwa ine.

"Mwananga, changa chija achiika pati?"

Ndinawatengera pomwepo, ndinaloza. Anayang'ana nsapato, anayang'ana masaya osalala aja. Kenako anaika dzanja pa tsaya lawo.

"Ndi wokongola mayiyu," anatero motsitsa mawu, kuopa anthu angamve. "Wachita bwino. Ine ndikanakuchititsa manyazi muno."